Lamulo likuti chiyani kwenikweni pa za amuna kapena akazi okondana okhaokha?

Nachisale: Akuluakulu, kuyambira dzulo mafunso akungobwera pa nkhani imodzi, ndipo mayankho ake akusemphana. Wina akuti lamulo la mathanyula linaimitsidwa kalekale, wina akuti munthu atha kulowa m'chitokosi chifukwa chongovala diresi. Pagulu pano tili ndi odziwa malamulo komanso a zachipatala, atiyalire bwinobwino. Pempho langa ndi ili: osatchula dzina la munthu wamba, osaponya chithunzi cha wina aliyense. Zotukwana ndifufuta osafunsa.

aPhiri a ku Area 47: Zikomo mayi. Ndiyambe ndi zolembedwa, poti ambiri amakangana za lamulo limene sanaliwerengepo. Magawo ake ndi anayi, onse ali mu Penal Code, buku la milandu ndi zilango lomwe anatisiyira atsamunda. Gawo 153 limakamba za kugonana kosemphana ndi chilengedwe, chilango chake mpaka zaka 14, ndipo makhoti amawamva mawuwa ngati kugonana kodzera kumbuyo. Gawo 154 ndi la woyesera kuchita zimenezo, zaka 7. Gawo 156 ndi la amuna ochitirana zomwe lamulo limazitcha zonyansa, kaya pagulu kaya kuchipinda, zaka 5. Gawo 137A ndi la akazi okhaokha, nalonso zaka 5, koma ili lokha si la atsamunda ayi: aphungu athu omwe analiika mu Disembala 2010, Bingu wa Mutharika n'kulisainira kumayambiriro kwa 2011.

Pali ziwiri zoti mugwire. Gawo 153 silinena kuti ochitawo akhale amuna okhaokha; bambo ndi mkazi wake wa ukwati woyera atachita zomwezo, gawo ndi lomweli. Chinacho, chomwe ndiye mutu wa nkhani: magawo onsewa amalanga chochitika, osati chimene munthu ali. Palibe gawo lonena kuti kukhala gay ndi mlandu, kapena kuyenda monyang'ama, kapena anyamata awiri kugawana lendi ya chipinda chimodzi ku Mchesi. Boma liyenera kubwera ndi umboni woti tsiku lakuti, pamalo pakuti, uje anachita chakuti ndi uje.

Mphwanu wa ku Mtandire: Achimwene, nanga zija ankati boma linaletsa apolisi kumanga anthu pa nkhaniyi zinathera pati? Ambiri kuno amadalira zimenezo.

Nangondo: Asadalire. Nkhani yake inayenda chonchi. Mu Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe boma linkawaona ngati amuna awiri, anamangidwa ku Blantyre atachita chinkhoswe. Mu Meyi 2010 khoti linawapatsa zaka 14, koma mwezi usanathe Bingu anawakhululukira, tsiku lomwe Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, anali m'dziko muno. Kukhululuka kwa pulezidenti kumatulutsa munthu m'ndende basi, lamulo kumalisiya chikhalire. Mu Novembala 2012, nthawi ya Joyce Banda, nduna ya zamalamulo Ralph Kasambara inamveka ikunena kuti apolisi ayambe aleka kumanga. Mu Disembala 2015 amuna awiri anamangidwa konkuno ku Lilongwe, nduna ina, Samuel Tembenu, inabwereza mawu omwewo ndipo milandu ija inathetsedwa. Kenako mu 2016 abusa ena anakadandaula ku High Court ya ku Mzuzu, khoti n'kupereka chiletso choimitsa ganizo la bomalo.

Ndiye taonani: zonsezo anali mawu a nduna. Mawu a nduna safufuta gawo la lamulo. Ofufuta ndi awiri okha, Nyumba ya Malamulo kapena khoti likapeza kuti gawolo likutsutsana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko. Njira ya khotiyo inayesedwa. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu ku Blantyre anakana pempho la Jan Willem Akster, nzika ya Netherlands, ndi Jana Gonani, yemwe anabadwa mwamuna koma amakhala ngati mkazi ndipo anali atagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021. Anati magawowa akhale, ofuna kusintha apite kwa aphungu. Lero lamulo lili moyo.

Bambo Mbewe a ku Kawale: Ndipo likhale moyo. Mu Julaye 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda limodzi pamsewu ku Lilongwe kuno, ku Blantyre ndi kwina, kukana maukwati a amuna okhaokha. Si kawirikawiri kuona ansembe, abusa ndi mashehe akuyenda mzere umodzi. Khoti linamva mtima wa Amalawi.

aPhiri a ku Area 47: Bambo Mbewe, maganizo anu ndi a anthu ambiri, sindikutsutsa zimenezo. Koma ndikonzeko pamodzi. Nkhani ya ukwati sinali m'khoti muja. Ukwati uli ndi lamulo lakelake, Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015, lomwe limati okwatirana akhale mwamuna ndi mkazi a zaka 18 kapena kuposa, ndipo limawerenga umuna kapena ukazi umene munthu anabadwa nawo. Oweruza aja akanafufuta 153 tsiku lomwelo, m'mawa mwake palibe ofesi ya DC imene ikanadalitsa ukwati wa amuna awiri. Funso linali lakuti, akuluakulu awiri ogwirizana, atatseka chitseko, kodi apite kundende ya Maula zaka 14? Ku Botswana makhoti anafufuta lamulo ngati lathuli mu 2019, apilo n'kuvomereza mu 2021, koma chigamulocho sichinatsegule za ukwati. Ku Mozambique analichotsa mu 2015, chimodzimodzi. Mwa maiko a kuno kum'mwera, South Africa ndiye inafika pa ukwati, mu 2006.

Ndionjezere maganizo anga: kuphatikiza milandu iwiri ija kunasokoneza nkhani. Wa Akster unali ndi anthu odandaula kuti anachitidwa nkhanza, ndipo gawo 153 silisiyanitsa wokakamiza ndi wogwirizana, onse limawaika m'dengu limodzi. Anthu akamva "153" amaona wogwirira ana, pomwe wogwirira ali ndi magawo ena omulangira.

Bambo Mbewe a ku Kawale: Pa ukwati ndamva, zikomo. Pa tchimo sindisuntha. Koma pali chimodzi chimene ndigwirizane nanu musanachinene: kumenya ayi. Zoti gulu lazinga nyumba usiku, kuswa mawindo, kumuvula munthu pamsika, umenewo ndi mlandu wa omenyawo, ndipo achitetezo a m'mudzi alibe mphamvu yothyola chitseko kapena kulanda foni. Ntchito yawo ndi kuitana apolisi. Mfumu nayo ilibe mphamvu yosamutsa munthu pa puloti yake chifukwa cha mphekesera.

Nangondo: Apo mwalasa, bambo. Tsono ndifike pomwe anthu ambiri amagwera, pa tebulo la wapolisi. Milandu imeneyi umboni wake ndi wovuta, poti zimachitikira kuchipinda. Nthawi zambiri chimene chimamanga munthu ndi pakamwa pake ndi foni yake. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Gawo 42 la malamulo aakulu limateteza aliyense womangidwa, osasankha mlandu. Akuuze chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene ukumva. Uli ndi ufulu wokhala chete, komanso wolankhula ndi loya. Akufikitse kukhoti pasanathe maola 48. Apa pali kamsampha: maolawo akathera pa tsiku loti khoti silikhala, amakutengera tsiku loyamba lotsatira. Womangidwa Lachisanu madzulo aonekera Lolemba, ndipo Loweruka ndi Lamulungu limenelo ndi pomwe ambiri amafooka n'kusaina. Sitetimenti amalemba wapolisi, kawirikawiri m'Chingerezi, n'kukupatsa cholembera kuti saina apa uzipita. Osasaina chimene sunawerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa. Kunena kuti "ndiyankha loya wanga akabwera" si mwano.

Achibale kunjaku achite izi tsiku lomwelo: adziwe siteshoni yeniyeni, kaya ndi Area 3, Lingadzi, Kawale kapena Kanengo, alembe nthawi imene munthu anatengedwa, afunse dzina la wofufuza mlanduwo, apeze anthu awiri okhala ndi ziphaso za unzika komanso malo odziwika oti adzaimire belo. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akati bweretsani kangachepe kuti atuluke, chimenecho ndi chiphuphu. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Amene ali kale pa rimandi afunse ma paralegal, othandiza anthu pa zamalamulo, a bungwe la PASI omwe amayendera ndende. Pa milandu yozengedwa kwa majisitireti, munthu sayenera kukhala pa rimandi kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litaonjezera.

Mphwanu wa ku Mtandire: Nanga akasaina atamenyedwa? Si ndiye kuti khoti litaya pepalalo?

aPhiri a ku Area 47: Ambiri amaganiza choncho, koma si mmene zilili kwathu kuno. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola kuti chivomerezo chilandiridwe ngati umboni ngakhale mwini wake akunena kuti anakakamizidwa. Khoti limachiyeza pambuyo pake, ngati ndi iyedi ananena komanso ngati zili m'menemo ndi zoona. Loya atha kulimbana nacho, malamulo aakulu amaletsa kuzunza ndi kuumiriza munthu kuvomera, koma nkhondo yake ndi yokwera phiri. Chapafupi ndi kusasaina. Womenyedwa anene pamaso pa majisitireti tsiku loyamba lomwe, zilembedwe m'failo, apemphe kupita kuchipatala mabala asanapole. Dandaulo la khalidwe la apolisi limapita ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Kukhoti nako, kuvomera mlandu ndi mtima woti zithe msanga ndi kudzimangirira mwala m'khosi. Ukangoti "ndikuvomera", boma silifunikanso kubweretsa mboni ngakhale imodzi. Ndipo chigamulo chikatuluka, nthawi yodziwitsa khoti za apilo ndi masiku owerengeka, osati kudikira abale akolole kaye.

Za foni: gawo 21 la malamulo aakulu limateteza chinsinsi cha munthu, nyumba yake ndi mauthenga ake. Wapolisi atha kukusecha m'thupi pokumanga ndi kusunga katundu wako, koma ukatsegula wekha WhatsApp n'kumupatsa, wavomera, ndipo loya asowa pogwira.

Sisitala Nabanda: Ndilowepo pa zachipatala. Pena womangidwa amabwera naye kuti ayezedwe kumbuyo, akuti papezeke umboni. Kuyeza kumeneko sikusonyeza kanthu. Palibe chizindikiro chimene dokotala angaone n'kulumbira kuti uyu amagonana motere. Kudzimbidwa ndi matenda a mudzi zimasiyanso zipsera malo omwewo. World Medical Association inadzudzula mchitidwewu mu 2017, ndipo khoti la apilo ku Kenya linauletsa mu 2018. Munthu ali ndi ufulu wokana, ndipo wachipatala woyeza mokakamiza atha kukayankha ku Medical Council kapena ku Nurses and Midwives Council.

Chimene chimandiwawa ndi china. Anthu akuopa chipatala mpaka matenda ochizika kufika poipa. Mnyamata ali ndi njerewere kapena mafinya kumbuyo amangoti "m'mimba mukupweteka", apatsidwa mankhwala a m'mimba, abwerera, mwezi wamawa zafalikira. Namwino si wapolisi, ndipo zimene wodwala wanena m'chipinda ndi chinsinsi. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV, kumuyeza mokakamiza, ndi kuulula zotsatira zake popanda chilolezo. Ndondomeko za boma lomweli zolimbana ndi Edzi zimatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu loyenera kulifikira ndi makondomu, mafuta ofewetsera, PrEP (mankhwala omweratu podziteteza ku HIV) ndi ma ARV. Mafuta ake akhale opangidwira ntchitoyo. Vaseline ndi mafuta ophikira amabowola kondomu.

Wogwiriridwa, kaya ndi mwamuna, athamangire kuchipatala. PEP, mankhwala oteteza ku HIV zinthu zitachitika kale, amayamba pasanathe maola 72 ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Asasambe kaye ngati angathe, zovala asachape, aziike m'pepala kapena mu envelopu osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuononga umboni. Wonyozedwa pa mzere kapena kubwezedwa osathandizidwa akaonane ndi ombudsman, wolandira madandaulo wa pachipatalapo.

Gama: Mwasiya chimene chikudya anthu kwambiri mu Lilongwe muno, kuposa makhoti: kuopsezedwa. Kachitidwe kake n'kamodzi. Wina amacheza nawe pa Facebook milungu iwiri, mutumizirana zithunzi, akuitanira kunyumba kwake. Ukangolowa patulukira anzake atatu, akuvula, akujambula, akulanda foni, n'kukuuza kuti tumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba apo ayi vidiyo ipita kwa abwana ako ndi kumpingo. Wolipira kamodzi amalipira mpaka kale, poti aona kuti chitsime chili ndi madzi.

Oterewa ndi achifwamba. Kulanda ndi mlandu, kuopseza kuti ukanenera munthu mlandu pofuna ndalama ndi mlandunso mu Penal Code momwemo, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imalanga kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Osafufuta mauthenga chifukwa cha manyazi. Jambulani sikirini yonse nambala ikuoneka, sungani uthenga wotsimikiza ndalama womwe uli ndi nambala ya wolandira ndi nthawi, tumizani zonse kwa munthu mmodzi wodalirika kuopa foni ingalandidwenso.

Mphwanu wa ku Mtandire: Koma achimwene, ukapita nazo kupolisi si udzipereka wekha? Adzafunsa kuti unkakatani kumeneko.

Nangondo: Funso limenelo ndi lenileni, ndipo ndi chifukwa chake akubawa amasankha anthu amenewa. Zimachitika wodandaula kusanduka woimbidwa mlandu. N'chifukwa chake sitinena kuti thamangira wekha pakauntala. Yamba waonana ndi loya kapena mabungwe odziwa nkhanizi monga CEDEP, CHRR kapena Nyasa Rainbow Alliance, mupite awiri, ndipo dandaulo likhale pa zimene zinachitika: ndinaitanidwa, ndinamenyedwa, ndinalandidwa foni yakuti ndi ndalama zakuti. Osanama, bodza limagwetsa mlandu wonse. Koma mafunso okhudza za kuchipinda kwako suli wokakamizidwa kuyankha, poti palibe amene ayenera kudzipalira yekha makala. Womenyedwa atenge kalata ya kupolisi yopita nayo kuchipatala, lipoti la dokotala ndiye msana wa mlandu.

Nachisale: Funso lina labwera kumbali, mwini wake sakufuna kutchulidwa. Akuti munthu wa transgender, wobadwa mwamuna koma wodzimva kuti ndi mkazi kapena wobadwa mkazi koma wodzimva kuti ndi mwamuna, angasinthe chiphaso cha unzika? Nanga kavalidwe?

aPhiri a ku Area 47: Chilembo cha M kapena F pa chiphaso cha NRB chimatsata chibadwidwe, ndipo malamulo athu alibe njira yoti munthu asinthire chifukwa cha mmene amadzimvera. Dzina ndi nkhani ina: lilipo lamulo la Change of Name, munthu amapempha chilolezo ku boma, sangodzisinthira. Ena amasankha dzina loyenera mbali zonse, ndipo poti mayina athu ambiri ndi otero, Chisomo, Chikondi, Mphatso, Takondwa, zimachepetsa mafunso kubanki ndi pa rodibuloko. Chimene ndingachenjeze ndi kukonza chiphaso mwachinyengo kapena kugwiritsa cha mchemwali wako. Pamenepo wadzipangira mlandu weniweni, wosavuta kuupezera umboni.

Kuvala diresi kapena wigi pakokha si mlandu wa magawo anayi aja. Kale apolisi ankakokera anthu otere pa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lija la vakabu, koma High Court inalithetsa mu Januwale 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake. Pomwe pamavuta ndi pa ndalama ndi chibwenzi: wina akadandaula kuti anapereka ndalama akuyesa mkazi wobadwa, pamabwera mlandu wopeza zinthu mwachinyengo pamwamba pa 153. Ndipo akamangidwa amaikidwa m'chitokosi motsata chibadwidwe. Loya apemphe msanga kuti asungidwe payekha komanso asechedwe mwaulemu, osati kuvulidwa anthu akuonerera, poti gawo 19 la malamulo aakulu limateteza ulemu wa munthu aliyense.

Gama: Za ntchito mwachidule. Employment Act satchula nkhaniyi ndi dzina, koma gawo 57 limafuna chifukwa chomveka chokhudza ntchito kapena khalidwe la pantchito, komanso kuti munthu amvedwe asanachotsedwe. "Tamva zoti ndiwe wotere" si chifukwa. Vuto ndi loti mabwana ochenjera salemba zimenezo, amakuitana n'kukuuza kuti lemba wekha kalata yosiya kuti tisakuchititse manyazi. Osalemba. Ukalemba wataya ndalama ya severance, ija amalandira wochotsedwa ntchito, yomwe ndi malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, milungu itatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, inayi kupitirira apo. Dandaulo lipite ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu, zikakanika ku Industrial Relations Court.

Landilodi naye sangangotaya katundu panja kapena kuzula chitseko. Apereke notisi monga mwa pangano, wokana kutuluka amatulutsidwa ndi khoti. Koma tinene zoona, anthu oyandikana nawo akayamba kusonkhana pageti, malisiti a lendi sakutchinjiriza ku mwala. Choka kaye, za dipoziti udzatsata uli moyo.

Bambo Mbewe a ku Kawale: Nanga awiri akhala limodzi zaka, agula puloti ku Area 49, mmodzi wamwalira. Ife achibale tikabwera kudzatenga za mwana wathu, winayo ali ndi mbali? Ndikufunsa poti maliro otere amathera m'manja mwa ife akuluakulu a mpingo ndi mafumu.

aPhiri a ku Area 47: Popanda wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limayang'ana mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ana ake ndi omwe ankadalira iye. Mnzake uja lamulo silimuwerenga ngati wapabanja. Koma zake ndi zake, bambo: firiji imene anagula yekha, lisiti lili m'dzina lake, si chuma cha masiye, ndipo kuinyamula ndi kuba. Puloti ngati inalembedwa mayina awiri, gawo lake silikhudzidwa.

Wilo ndiye imathetsa mkangano, poti munthu atha kusiyira katundu aliyense, ngakhale mnzake chabe, osafotokoza chifukwa. Ikhale yolembedwa, asaine mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine. Cholakwika chimene chimabwerezedwa n'chakuti wolandira katundu yemweyo amasainanso ngati mboni, poti ndi iye yekha wodziwa chinsinsi. Akatero mphatso yake ija ili pangozi yotayika. Mboni zikhale anthu apadera, ndipo sizifunikira kuwerenga zili m'katimo, zimangoona kusaina. Ngati pali ana, awasiyire gawo lokwanira, apo ayi khoti litha kuisintha wiloyo kuti anawo apeze thandizo.

Sisitala Nabanda: Muonjezere za gadiyani. Munthu akagonekedwa kuchipatala cha Central, amene amalembedwa pa failo ndi amene wodwala wamutchula akadali ndi mphamvu zolankhula. Atchule yekha pofika, alembetse ndi nambala ya foni. Akakomoka asanatero, madokotala amafunsa achibale, ndipo mnzake uja amathera pabenchi panja ndi fulasiki ya phala osadziwa kuti m'kati zikuyenda bwanji.